ZANZIBAR: Azungu akuwothera dzuwa pomwe agogo athu adagulitsidwa

Amayi ndi abambo amene mumadutsa pa Songwe kukapikula zitenje, nsapato ndi mapoto ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, ndikudziwa kuti mukatsika basi maso amakhala pa katundu ndi pa kachikwama kandalama basi. Nthawi yoyang'ana kunyanja mulibe. Komatu mutati mutsetsereke pang'ono kufika padoko, mudzaona sitima zapamadzi zikupakira anthu opita ku chilumba china, ulendo wa maola awiri okha. Chilumbacho ndi Zanzibar. Lero ndati tikambirane za chilumba chimenechi poti mbiri yake yonse ndi ya geni, ndipo pa geni imeneyo ife Amalawi tidalipo. Kungoti sitidapiteko ngati ogula kapena ogulitsa ayi. Tidapitako ngati katundu.

Dzina loti Zanzibar limaimira zilumba zingapo za m'nyanja yamchere ya India. Zikuluzikulu ndi ziwiri, Unguja ndi Pemba. Unguja ndiye amene alendo amangomutchula kuti Zanzibar, ndipo m'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 85. Kalembera wa 2022 adapeza kuti pazilumba zonsezi pali anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo ambiri zedi ndi Asilamu. Koma onani izi: m'chaka cha 2024 chokha alendo akunja amene adakacheza kumeneko adaposa 700,000. Amachuluka kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti, kwawo ku Ulaya kukakhala tchuthi cha nyengo yotentha, komanso nthawi ya Khirisimasi. Amabwera kudzagona pamchenga woyera ngati ufa, kusambira, kujambulitsa zithunzi ndi kubwerera kwawo khungu litapsa ndi dzuwa.

Msika wobadwa ndi mphepo

Amene adakhazikitsa msika pa Zanzibar si mfumu kapena khonsolo ayi, ndi mphepo. Anzathu a kunyanja amadziwa za mpoto ndi mwera. Kumenekonso zili chimodzimodzi. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi kumaomba mphepo yochokera kumpoto yotchedwa kaskazi, imene inkakankha zombo zamatanga kuchokera ku Arabia, Persia ndi India. Kuyambira cha mu Epulo mphepo imatembenuka, kumabwera kusi, imene inkazibweza zombozo kwawo. Ndiye kuti wamalonda akafika, afune asafune, amayenera kukhala miyezi ingapo kudikira mphepo. Podikirapo ankachita lendi nyumba, kudya, kugula, kugulitsa, ena mpaka kupeza banja. Mtundu wa Aswahili ndi chiyankhulo chawo zidakulira m'madoko otere. Pamudzi wa Kizimkazi, kummwera kwa Unguja, pali mzikiti umene pakhoma pake padalembedwa chaka chofanana ndi 1107 pa kawerengedwe kathu. Zikusonyeza kuti geni idayamba kalekale.

Apwitikizi adalanda gombe lonseli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, koma Aluya a ku Oman adawapirikitsa mu 1698. Chilumbachi chidadzatchuka zenizeni nthawi ya Sultan Seyyid Said, amene cha m'ma 1840 adasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kudzakhala pa Zanzibar. Mkuluyu mutu unkagwira pa nkhani ya ndalama. Adalimbikitsa eni minda kubzala mitengo ya karafuu, tizipatso touma tonga timisomali tonunkhiritsa tiyi ndi mpunga, tomwenso ena amaika padzino likamawawa. Adasayina mapangano a zamalonda ndi America mu 1833, kenaka ndi Britain ndi France. Ntchito yotolera msonkho padoko adaibwereketsa kwa amwenye a banja la Jairam Sewji, amene ankamulipira ndalama yodziwika pachaka, zotsalazo n'kukhala zawo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, inu odziwa za mpamba. Pa Zanzibar padalibe njovu. Padalibenso fakitale ya nsalu, mfuti kapena mikanda. Chimene chidalipo ndi doko, sikelo ndi buku la ngongole. Mmwenye amapereka katundu pangongole kwa Mluya kapena Mswahili: nsalu yoyera ya ku America imene mpaka lero amaitcha merikani, mikanda, waya wamkuwa, mfuti ndi wonga. Wotenga ngongoleyo amalemba amtengatenga n'kulowa kumtunda, chaka chathunthu kapena ziwiri osaoneka. Pobwera amabwera ndi minyanga ya njovu ndi anthu. Minyanga imapita ku Bombay, London ndi America kukapanga zipeso, zibangili ndi makiyi a piyano. Anthu ena amatsala kulima karafuu pa Unguja ndi Pemba, ena amawakweza zombo kupita ku Arabia ndi Persia. Woyenda ulendo amatha kufera m'njira, koma mwini buku amagona pakama pake phindu likumulondola lokha.

Njira ya ku Nkhotakota

Nanga anthuwo ankachokera kuti? Ambiri ankachokera kwathu konkuno. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, adamanga malo ake pa Nkhotakota ndipo ankadziwika ndi dzina loti Jumbe. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawasonkhanitsa pamenepo, kuwawolotsa nyanja pa zombo, kenaka kuyenda wapansi miyezi itatu kapena inayi, goli lili m'khosi, mpaka kudoko la Kilwa. Pa Kilwa amawapanikiza m'zombo zina zopita ku Zanzibar. Kumpoto kudadzabwera Mlozi pa Karonga. Kummwera mafumu monga Makanjira ndi Mponda ankatumiza maulendo awo. Tisanamizanepo apa: mlendo sakadatha kugwira anthu yekha. Mafumu ndi anthu athu omwe, a mitundu yosiyanasiyana, ndi amene ankagulitsa anzawo posinthana ndi nsalu ndi mfuti, ndipo wopanda mfuti ndiye amasanduka katundu wa mnzake.

Kazembe wa Britain pa Zanzibar nthawi imeneyo, Colonel Rigby, adauza David Livingstone kuti akapolo okwana 19,000 ochokera dera la nyanja ya Nyasa lokha ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbachi chaka chilichonse. Amenewo ndi okhawo amene adafika amoyo. Ofera m'njira palibe adawalemba. Ndipo poti msonkho unkalipiridwa pa mutu uliwonse wotsika padoko, odwalitsa ankatayidwa chombo chisanakocheze kuti mwini katundu asaluze. Mwamva? Munthu wamoyo ankawerengedwa monga momwe timawerengera tomato wofunkha.

Msika wa akapolo unali pamalo otchedwa Mkunazini, mkati mwa tauni yakale ya Stone Town. Adautseka mu Juni 1873 pamene Sultan Barghash adasayina pangano Angelezi atamuopseza kuti atseka doko ndi sitima zankhondo. Amene adamupanikiza anali kazembe John Kirk, yemwe uja adayenda ndi Livingstone pa Shire ndi panyanja yathu, amenenso mapiri a Kirk Range a ku Ntcheu ndi Neno adatengera dzina lake. Pamalo pamsikawo amishoni a UMCA, motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere, adamangapo tchalitchi chachikulu cha Christ Church. Amishoni amenewa ndi omwe aja adayambira pa Magomero mu 1861, zinthu zitawavuta n'kusamukira ku Zanzibar mu 1864, kenaka n'kubwereranso kunyanja kudzakhazikika pa Likoma mu 1885. Choncho tchalitchi cha pa Likoma ndi cha pa Mkunazini ndi pachibale.

Ine nditalowa m'tchalitchimo adandionetsa pomwe pali guwa n'kundiuza kuti ndi pamene padali mtengo wokwapulirapo akapolo. Muli kamtanda kosema kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake adakwirira mtima wa Livingstone mu 1873. Mmodzi mwa amene adasenza mtembo wake mpaka ku Bagamoyo anali James Chuma, Myao amene adamasulidwa m'goli ali mnyamata kufupi ndi Magomero. Iyeyu adamwalirira pa Zanzibar pomwepo mu 1882. Panja pa tchalitchi pali dzenje momwe muli ziboliboli zisanu za anthu, unyolo uli m'khosi. Alendo amalipira pakhomo, kujambula, n'kuthamangira kunyanja. Ine miyendo idalemera. Ndinkangoti mwa anthu amene adaimikidwa pano kuwayang'ana mano ngati mbuzi ya pa Lizulu, ndi angati anali Aphiri, Abanda, Ambewe?

Kanga ndi nkhanga

Kutseka msika sikudathetse ukapolo tsiku lomwelo. Geni idangolowa kumdima. Britain idatenga Zanzibar m'manja mwake mu 1890, ndipo pa 27 Ogasiti 1896 sitima zake zidaphulitsa nyumba yachifumu pomwe Khalid bin Barghash adadzilonga ufumu popanda chilolezo chawo. Nkhondoyo siidathe ngakhale ola limodzi, amati mphindi 38, koma anthu pafupifupi 500 a mbali ya Khalid adafa kapena kuvulala. Lamulo lomasula akapolo lidabwera mu 1897 ndipo lidamalizidwa mu 1909. Chodabwitsa n'chakuti amene adalandira chipukutamisozi anali eni akapolo. Akapolo eniake adatuluka chimanjamanja, opanda ndi kamunda komwe, ambiri n'kupitiriza kuthyola karafuu m'minda ya mabwana omwewo.

Kubwerera kwawo sakadatha. Adakhazikika ku Ng'ambo, kutanthauza kutsidya, mbali ya tauni ya nyumba zadothi kuseri kwa nyumba zamiyala za olemera. Ana awo adasanduka Aswahili. Ndiye mukaona mayi wogulitsa nsomba pa msika wa Darajani, umene udamangidwa mu 1904, musafulumire kumuona ngati mlendo. Mwina agogo ake adachokera ku Ntchisi.

Inu ogulitsa zitenje nayi yanu. Nsalu ija ya mawu m'mphepete yotchedwa kanga idabadwira pagombe lomweli m'zaka za m'ma 1800, amayi atayamba kulumikiza timipango tamaluwa kuti tikhale nsalu imodzi. Dzinalo ndi la mbalame yathu yomwe ija, nkhanga, chifukwa cha mawangamawanga ake. Nthawi yaukapolo mayi wogulidwa ankavala nsalu yosakongola, merikani kapena yakuda yotchedwa kaniki. Atamasulidwa, amayi ambiri ndalama yawo yoyamba adagulira kanga, kuti aliyense pamsewu aone kuti uyu si katundu wa munthu. Mpaka lero mayi wa ku Zanzibar akayambana ndi mkazi mnzake sachita kutukwana, amangovala kanga ya mawu oyenera n'kudutsa pakhomo pake mwakachetechete.

Nyimbo zawo ndi taarab, zosakaniza zoimbira za Aluya, amwenye ndi ng'oma za kumtunda. Poyamba zinali za kunyumba yachifumu ndipo ankaimba m'Chiarabu. Amene adazitulutsira kwa anthu wamba ndi Siti binti Saad, mayi wakumudzi amene adayamba ndi kuyenda ndi miphika yogulitsa. Mu 1928 adakajambulitsa nyimbo zake za m'Chiswahili ku Bombay. Venda mnzathu ameneyo! Pambuyo pake padadza Bi Kidude, gogo amene ankaimba ndi kuomba ng'oma mpaka kumwalira kwake mu 2013. Achinyamata okonda za kunja dziwani kuti Freddie Mercury wa gulu la Queen adabadwira mu Stone Town mu 1946. Ku Makunduchi, mwezi wa Julayi, kumakhala mwambo wa Mwaka Kogwa, pomwe amuna amakwapulana ndi makwaule a nthochi kuti zokwiyitsana zonse zithere pomwepo chaka chatsopano chisanayambe. Chiswahili chimene amaphunzitsa m'sukulu za ku Tanzania ndi Kenya maziko ake ndi kayankhulidwe ka pa Unguja, ndipo mawu athu ena monga bwana, ndege ndi galimoto adadzera ku Chiswahili komweko.

Mbendera idasintha, sikelo idatsala

Zanzibar idalandira ufulu kuchokera kwa Angelezi pa 10 Disembala 1963, Sultan Jamshid ali pampando. Chipani cha Afro-Shirazi, chimene ambiri mwa anthu akuda ankachitsata, chidapeza mavoti ochuluka pachisankho cha chaka chimenecho koma mipando yochepa. Mkwiyo wa zaka zambiri udaphulika pa 12 Januwale 1964. Gulu la anyamata lotsogozedwa ndi John Okello, mbadwa ya ku Uganda, lidalanda zida kupolisi ndipo Sultan adathawa. Masiku otsatira Aluya ndi amwenye zikwizikwi adaphedwa, ambiri mwa iwo eni timagolosale ta kumidzi amene sadagulitsepo munthu. Ena adathawa kusiya nyumba zawo, kuphatikizapo banja la Freddie Mercury uja. Abeid Karume adakhala pulezidenti, ndipo pa 26 Epulo 1964 adagwirizana ndi Julius Nyerere kuphatikiza Zanzibar ndi Tanganyika. Dziko la Tanzania lidabadwa chomwecho, miyezi iwiri ndi masiku ochepa ife tisanakweze mbendera yathu pa 6 Julayi. Zanzibar idatsala ndi pulezidenti wake ndi nyumba yamalamulo yakeyake.

Boma latsopano lidalanda minda ikuluikulu n'kugawira anthu maekala atatuatatu. Lidamanganso nyumba zosanja pa Michenzani mothandizidwa ndi East Germany. Koma sikelo lidaigwira lokha. Karafuu yense amayenera kugulitsidwa ku kampani ya boma pa mtengo wonena boma. Amene mudalima mtedza ndi thonje nthawi ya chipani chimodzi, ADMARC ili yokha pamsika, mukudziwa chimene ndikunena. Alimi a ku Pemba adayamba kuzembetsa karafuu usiku pa ngalawa kupita ku Mombasa, ogwidwa n'kumalangidwa koopsa. Masitolo adauma. Karume adaphedwa mu Epulo 1972. Kenaka dziko la Indonesia, kasitomala wamkulu amene amaika karafuu mu ndudu zake, lidayamba kulima lokha, ndipo m'zaka za m'ma 1980 mtengo udagwa chagada. Geni ya kasitomala mmodzi ndi choncho.

Ali Hassan Mwinyi, amene adalamula Zanzibar mu 1984 asanakhale pulezidenti wa Tanzania yonse mu 1985, ndiye adamasula malonda, mpaka anthu adamupatsa dzina loti Mzee Rukhsa, mdala wololeza. Matipate adafika mu 1992, koma zisankho za kumeneko zakhala za mikangano, ndipo mu Januwale 2001 apolisi adawombera ndi kupha anthu ochita zionetsero, makamaka ku Pemba. Mayi Samia Suluhu Hassan, amene adalowa pampando wa Tanzania mu 2021, kwawo ndi ku Zanzibar konko.

Katundu watsopano

Karafuu atagwa, chilumba chidapeza katundu wina: mchenga, dzuwa ndi mbiri yake yomwe. Bungwe la UNESCO lidaika Stone Town pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 2000. Alendo amazungulira m'tinjira topapatiza, momwe galimoto silingalowe, kuona zitseko zosemedwa zokhomedwa mikuwa, nyumba ya Tippu Tip, katakwe wa minyanga ndi akapolo amene adafa mu 1905, ndi Beit al-Ajaib, chinyumba cha 1883 chimene mbali yake ina idagwa mu Disembala 2020. Madzulo pa Forodhani mavenda amayala matebulo a kanyenya, nsomba, msuzi wa urojo ndi madzi a nzimbe. Kumidzi ya asodzi monga Nungwi, Kendwa, Paje ndi Jambiani mahotela adandandalika m'mbali mwa nyanja.

Ndalama ikulowa, iyo ndiye sitingakane. Funso ndi lakale lomwe lija: ikutsala ndi yani? Mlendo wa ku Italy amalipiriratu zonse ali ku Milan, ndege, bedi, chakudya ndi mowa womwe. Akatsika ndege basi ya hotela imamutenga kukamutsekera kumpanda. Mahotela akuluakulu ambiri eni ake ndi akunja, ndipo ntchito zabwino zimakonda kupita kwa obwera odziwa ziyankhulo. Mwana wa pamudzipo amatsala ndi kuthamangira mzungu pamchenga ndi ziboliboli ndi mikanda, ndipo dzina limene adapatsidwa ndi papasi, kutanthauza nkhufi. Hotela imadzaza dziwe losambiramo pomwe amayi a kuseri kwa mpanda ali pamzere wa zigubu. Msodzi amene agogo ake ankakocheza ngalawa pamenepo amauzidwa ndi mlonda kuti asunthe. Zinthu zake ndi zomwe timaziona ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay. Paja akulu adati wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina.

Koma si onse akungoomba ng'oma. Kuyambira cha mu 1989 amayi a kugombe la kummawa amalima ndere za m'nyanja zotchedwa mwani, kuzimangirira pazingwe m'madzi osaya. Kwa zaka zambiri akhala akuumitsa n'kugulitsa kwa ogula ochepa otumiza kunja, pa mtengo wongogulira mchere, misana ikuthyoka. Tsopano magulu ena a amayi pa Paje ndi midzi ina adaphunzira kupera mwaniwo n'kupanga sopo ndi mafuta odzola, zomwe amagulitsa kwa alendo omwe aja. Ndere yake ndi yomweyo, nyanja yake ndi yomweyo. Chasintha n'chakuti mtengo akutchula ndi iwo.

Ine phunziro limene ndidatolapo ndi limenelo. Pa Zanzibar katundu wasintha kanayi, minyanga, anthu, karafuu, tsopano dzuwa, koma nthawi zonse wolemera ndi amene wagwira doko, sikelo ndi buku la ngongole. Wosenza amangotsala ndi chikanga paphewa. Tikadziyang'ana ifeyo pa msika wa Limbe, wa Lilongwe kapena wa Mzuzu, tili mbali iti? Mpamba ndi wakatapila, katundu ndi wa mwini shopu ku Kariakoo, mtengo wa dola akutchula ndi wina, ife n'kumakangana ndi mnzathu wa benchi loyandikana chifukwa cha kasitomala mmodzi. Anthu khumi kuphatikiza mpamba, kuoda limodzi, kuchita hayala galimoto imodzi ndi kusunga buku lawolawo, pamenepo ndiye kuti ayamba kugwirako sikelo.

Ndipo amene Mulungu adzakudalitseni n'kuwoloka kukafika pachilumbachi, kavalidwe kakhale kaulemu poti ndi kwa Asilamu, makamaka mwezi wa Ramadan. Kumchenga mupite ndithu, ndi kokongola kwabasi. Koma muyambe mwafika pa Mkunazini, muvule chipewa, muime kaye chete pang'ono. Pamenepo padadutsa abale athu amene maliro awo sadaliridwe ndi munthu.